Mafunso Anu: Kodi mwana wa m'nyumba ya lendi angapate basale ya CDF?

FUNSO: Ndimachita lendi ku Kapata, m'nyumba ina mwa zija zakale za khonsolo. Mwana wanga wa zaka 22 anamaliza Giredi 12 koma akungokhala. Anzanga akuti thandizo la boma lophunzirira ntchito limapita kwa eni nyumba okha. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Amayi, si zoona ayi. Nyumba zambiri za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira mu 1996, nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba, ndipo thandizoli silidzera kwa mwini nyumba. Limadzera mu wadi. Ndalama zake ndi za CDF (Constituency Development Fund), ndalama za boma za chitukuko, zomwe mu 2022 zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo gawo lina analipatulira mabasale a ntchito zamanja.

Musayambe ndi fomu. Mwanayo ayambe wapeza malo pa sukulu yovomerezeka ndi TEVETA (bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja), monga Chipata Trades Training Institute, am'patse kalata yom'landira. Apa ndi pamene ambiri amagwera: amapereka fomu yopanda kalatayo, kapena kalata ya kasukulu ka m'komboni kosalembetsedwa, ndiye komiti siingaivomere. Funsani pa ofesi ya sukulu ngati kosi imeneyo, kaya ndi ya magetsi, ukalipentala kapena zomanga, ili m'kaundula wa TEVETA.

Kalata ikapezeka, atenge fomu kwa Ward Development Committee ya wadi yanu kapena ku khonsolo ya Chipata. Fomuyo ndi yaulere. Wina akafuna ya "tokutaimu", kanani. Aphatikizepo fotokope ya NRC ndi ya zotsatira za mayeso. Ikani mapepala awiriwa pa tebulo, muwerenge dzina chilembo ndi chilembo, chifukwa Phiri wa pa NRC akakhala Piri pa satifiketi, nkhani imachedwa. Fomu ibwerere ku komiti ya wadi yomweyo, osati m'manja mwa munthu wokumana naye pa msika, ndipo musunge fotokope yake.

Kwa a lendi vuto lenileni ndi kusamukasamuka. Komiti imatsimikizira anthu amene ikuwadziwa kuti ndi a m'wadi mwake, choncho pitani mukadziwonetse kwa woimira zoni yanu nthawi yolandira mafomu isanafike. Mukasamukira ku Mchini kapena ku Nabvutika, funsani msanga ngati mukadali mu wadi yomweyo.