Alamu anu asagule kaye makina a espresso

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amaphunzitsa pa sekondale ina kuno ku Mangochi. Anati anamwa espresso pa loji ina ku Cape Maclear, ndipo kuyambira tsiku limenelo khofi wa m'chitini, wongothira madzi otentha uja, sakuwakomeranso. Mlamu wawo ali ku Joni, akubwera mu Disembala, ndipo wati akhoza kuwagulira makina opangira espresso. Funso lawo linali lakuti: "Ndimuuze agule ati? Nanga ndi magetsi othimathimawa, zingatheke?"

Achimwene, zikomo polemba. Zitheka, koma alamu anuwo musawatume kaye makina. Zimene zinakukomerani ku Cape Maclear zinayambira pa njere, ndipo makina amabwera kumapeto kwenikweni. Zimenezi ndinazimvetsa tsiku limene ndinalowa m'kanyumba kena ku Blantyre komwe amakazinga khofi, choncho ndiyambira kumeneko.

Ndinafika m'mawa, ndipo mwini malowo anayamba wandipatsa njere zosakazinga kuti ndinunkhize. Zinali zobiriwira motuwa, zolimba ngati timiyala, fungo lake la udzu wouma. Simungaganize kuti ndi khofi. Anazithira m'makina okhala ndi mgolo wachitsulo wozungulira pamoto wa gasi, ndipo mphindi zingapo zilizonse ankasolola kasupuni kam'mbali n'kuyang'ana. Zobiriwira zija zinasanduka zachikasu, m'nyumba monse munamveka ngati mukuphikidwa buledi, kenako zinayamba kufiira. Kutentha kutayandikira madigiri 200, ndinamva thethethe! ngati mbuliwuli m'chiwaya. Apa mwini malo anasiya kucheza nane. Maso anali pa wotchi, khutu pa mgolo. Patangopita mphindi ziwiri anatsegula chitseko, njere zonse n'kukhuthukira m'chibeseni chokhala ndi fani pansi pake kuti zizizire msanga. Timakoko topepuka ngati gaga tinali titaunjikana m'kachitini kapambali. Ntchito yonse sinapose mphindi 15, ndipo pa sikelo makilogalamu 10 aja anali atatsika kufika pa 8 ndi theka, madzi atauluka.

Nditafunsa chifukwa chake anandidula mawu pa nthawi ija, anati: "Akulu, pamenepaja mukachedwa theka la mphindi, ntchito ya mlimi ya chaka chonse imasanduka makala." Ndiye anandikhazika patebulo pomwe panali makapu asanu, aliyense khofi wake, n'kundiphunzitsa kulawa ndi supuni, kufwuta mwaphokoso kuti khofi afike paliponse m'kamwa. Wina anali wowawasira pang'ono ngati lalanje, wina ankakhala ngati mtedza wokazinga. Onsewo analibe shuga. Khofi amene amamutcha specialty ndi amene akatswiri olawa amupatsa mapointi 80 kapena kuposa pa 100, ndipo amadziwika munda kapena dera limene wachokera.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti khofi wotereyu ndi wathu. Anafika m'dziko muno mu 1878, pamene bambo wina dzina lake Duncan anabweretsa mbande kuchokera ku Edinburgh kupita ku mishoni ya Blantyre. Lero alimi ang'onoang'ono a ku Misuku m'boma la Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi ndi ku Viphya amalima khofi wa mtundu wa Arabica n'kumagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Ku Thyolo kuli esiteti ya Satemwa, ndipo ngakhale m'boma lathu lomwe lino, kumapiri a kum'mawa, kuli esiteti ya Ngapani. Kuno kunyanja khofiyu sangachite bwino chifukwa tili pansi, mamita osakwana 500, pomwe Arabica amakonda malo ozizira, okwera kuposa mamita 1,000. Koma mukakwera chitunda cha Chowe kulowera ku Namwera, mumamva nokha mphepo ikusintha. Choncho njere si zoitanitsa ku Joni ayi.

Pogula, yang'anani tsiku limene anakazinga, osangoti tsiku lothera ntchito. Njere zongokazingidwa kumene zimatulutsa mpweya wambiri, ndiye zimafunika kupuma pafupifupi sabata imodzi, kenako zimakoma kwa milungu ingapo. Gulani zosapera. Khofi akangoperedwa fungo limayamba kuthawa nthawi yomweyo, ndipo ndi dzuwa la Mangochi la mu Okutobala, paketi yopera kale imaguga musanaifike pakati. Ine ndimasunga njere m'botolo lotseka bwino, mkati mwa kabati, kutali ndi mbaula. Mu fuliji musaike: mukamatulutsa zimachita thukuta, komanso zimayamwa fungo la chambo chimene mwasunga momwemo.

Tsopano espresso ndi chiyani kwenikweni? Ndi madzi otentha, a madigiri pakati pa 90 ndi 96, okankhidwa mwamphamvu kudutsa mu khofi wopera mosalala ndi wotsenderedwa bwino. Mphamvuyo imakhala pafupifupi ma bar 9 (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankhira madziwo). Anthu a ku Italy ndiwo anayambitsa: Luigi Bezzera wa ku Milan analembetsa makina ake mu 1901, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Achille Gaggia anabweretsa makina a chogwirira chokoka ndi dzanja, amene anayamba kutulutsa kathovu kofiirira kapamwamba kaja kotchedwa crema. Muyeso umene ambiri amayambira ndi uwu: magalamu 18 a khofi wopera atulutse magalamu 36 m'kapu, pa masekondi 25 mpaka 30.

Manambala amenewa ndiwo akundichititsa kunena kuti chopera chimaposa makina. Khofi akakhala wokhakhala, madzi amangodutsa pa masekondi 15, m'kapu mumatuluka zamadzimadzi zowawasa. Akasalala kwambiri, amangodontha mpaka masekondi 45 ndipo amawawa ngati mankhwala a malungo. Pakati pa ziwirizi pali kampata kakang'ono zedi, ndipo kamasuntha njere zikamakalamba, mwinanso chinyontho chikachuluka nthawi ya dzinja. Muyenera kukhala ndi chopera chimene mungasinthe pang'onopang'ono. Cha timipeni tozungulira, chonga bulenda, chimaduladula njere zina zazikulu zina fumbi. Mtondo nawonso ndinauyesapo: umathandiza pa khofi wowiritsa m'poto, koma pa espresso ayi. Chofunika ndi chopera cha mano awiri achitsulo, chimene m'masitolo amati burr grinder, ndipo alamu anu atsimikize kuti chimafika pa kusalala kwa espresso. Chopukusa ndi dzanja ndiye chabwino kuno. Magalamu 18 mumamaliza pa mphindi imodzi, magetsi alipo kaya palibe. Awonjezerepo kasikelo kakang'ono kowerenga mpaka 0.1 ya galamu, chifukwa supuni imanama.

Za magetsi ndisakubisireni. Makina ambiri apanyumba amadya mawati opitirira 1,000 potenthetsa madzi, ndiye kainiveta ka sola koyatsira mababu ndi TV sikangawakwanitse. Ine ndinali nawo ogula kale kwa munthu, ndipo sanathe chaka. Magetsi atabwera mwamphamvu usiku wina, china chake chinapsa mkati, ndipo ndinazungulira amisiri angapo osapeza wodziwa kuwatsegula, chitsulo chosinthira n'chosowa. Komanso madzi. Tayang'anani pansi pa ketulo yanu: ngati pali zoyera zokakamira ngati laimu, dziwani kuti zomwezo zikatseka timipope ta makina, tomwe n'tating'ono kuposa udzu womwera. Madzi a mijigo yambiri ya mphepete mwa nyanja ali choncho, ena mpaka amamveka mchere, ndipo mcherewo mudzaumva m'kapu. Gwiritsani ntchito osefa kapena a m'botolo.

Ndiye muyambire pati? Ine m'mawa uliwonse ndimagwiritsa ntchito kapoto ka moka, kaja ka mbali zisanu ndi zitatu kamene kampani ya Bialetti inatchuka nako kuyambira m'ma 1930. Ndinene zoona, si espresso yeniyeni, chifukwa mphamvu yake imathera pa bar imodzi kapena awiri. Koma khofi wake ndi wolemera, ndipo kamagwira pa mbaula. Ndimadikira makala ayake mpaka malawi atatha. Ndimathira madzi otentha kale m'chigawo chapansi mpaka m'munsi mwa kavalavu, n'kudzaza kasefa ndi khofi wokhakhala pang'ono kuposa wa espresso, kusalaza ndi chala popanda kutsendera. Ndimamanga nditagwira ndi kansalu, n'kukaika m'mphepete mwa mbaula, osati pakati pa moto, chivundikiro chili chotsegula. Khofi amatuluka pang'onopang'ono ngati uchi wakuda. Akangoyamba kuyera ndi kulira kuti fyoo, ndimachotsa n'kukulunga tako la poto ndi nsalu yonyowa. Mukasiya kuti afwefwenthe mpaka kumapeto, ndi pamene anthu amati moka imawawa. Theka la kapu ya khofi ameneyu, mkaka wotentha pamwamba, chitumbuwa pambali, mayi akunyumba amene ankati khofi ndi mankhwala tsopano amandidzutsa okha.

Ngati mtima wanu uli pa crema basi, alipo makina amanja osalowa magetsi, monga Flair, amene mumathira madzi a m'ketulo n'kukanikiza chogwirira nokha mpaka kufika pa ma bar 9 aja. Amafuna kuleza mtima, ndipo muyenera kuyamba mwatenthetsa chitsulo chake ndi madzi owira, apo ayi khofi atuluka wowawasa. Amenewa ndiye ndingawavomereze ku Mangochi kuposa amagetsi. Mukaumirirabe amagetsi, voteji ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, koma pulagi yawo ndi ya mano ozungulira pomwe yathu ndi ya mano amakona, ndiye musinthe pulagi ndi kugula choteteza magetsi akabwera mwamphamvu.

Uthenga wopita ku Joni ukhale wa chopera chamanja, kasikelo, ndi moka ya makapu atatu pamodzi ndi malabala ake osinthira, chifukwa labalayo ndiyo imayamba kutha ndipo kuno simuipeza. Ndalama ikatsala, aonjezere makina amanja aja. Inu mukapita ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, funsani komwe amakazinga khofi, mupemphe kuonerera ndi kulawa musanagule. Tengani mapaketi awiri a magalamu 250. Iliyonse imatulutsa makapu 13 pa muyeso wa magalamu 18, ndipo yoyambayo theka lake lithera pophunzira kupera.