Kusanza kwa mayi wapakati si mayeso a kupirira

Mayi wina wa ku Chawama, ku Lusaka, wandilembera. Ali ndi pakati pa miyezi iwiri, akusanza ngakhale madzi, ku sikelo amupatsa mankhwala oletsa kusanza otchedwa promethazine, koma apongozi akuti mankhwala amapundula mwana. Amwe kapena aleke?

Mawu a apongoziwo andilasa, chifukwa inenso ndinawamvapo. Pa mimba yanga yoyamba, fungo la kapenta wa aneba likangolowera pawindo, ine ndili kale pabeseni. Minibasi ya ku Kulima Tower ndinkakwera ndi kapulasitiki m'chikwama, kondakitala akundiyang'ana ngati ndagonera mowa. Ndinaonda mpaka mphete inkavuka yokha pochapa. Azakhali ankangoti, "Limba mtima mwanawe, tonse tinadutsamo."

Ayi, sitidutsamo mofanana! Kwa ambiri mseru umatha wokha pofika masabata 16 mpaka 20. Koma palinso hyperemesis gravidarum, nthenda ya kusanza koopsa kwa amayi apakati, imene inagoneka Kate Middleton, mkazi wa Prince William wa ku Britain, m'chipatala ku London mu 2012. Iyeyo anathandizidwa msanga. Nanga ife tiziuma ndi ludzu pofuna kutamidwa kuti ndife akazi olimba? Zimenezo ndimazikana.

Mantha a akuluakulu ali ndi pochokera, ndikuvomera. Thalidomide, mankhwala amene ankapatsidwanso kwa amayi apakati kuti aletse mseru, anapunduladi ana zikwizikwi asanachotsedwe mu 1961. Koma manthawo anadzapweteketsa ndi mankhwala osalakwa omwe. Ku America, Bendectin, mankhwala a mseru wa amayi apakati okhala ndi doxylamine ndi vitamini B6, anachoka pamsika mu 1983 chifukwa cha milandu ya m'makhoti, kafukufuku osamupeza ndi vuto, ndipo mu 2013 anabwereranso ndi dzina la Diclegis. Zaka zonsezo amayi akuvutika.

Promethazine, amene ena amamudziwa kuti Phenergan, ndi antihistamine, gulu limodzi ndi Piriton. Madokotala akhala akumupereka kwa amayi apakati kwa zaka zambiri, ndipo sanaonekepo kuti amapundula ana. Chimene ndimaopa ine ndi mapilisi opanda dzina ogula pa kantemba.

Tsono muchite chiyani?

Imwani, amayi, monga anesi anakuuzirani, osaonjezera. Amagonetsa komanso amaumitsa kukamwa, choncho musayendetse galimoto mutamwa. Idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mukaona tsiku latha madzi osakhazikika m'mimba, mkodzo wachepa ndi kuda, kapena thupi latentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, akakuyezeni malungo ndi kukuikani dripu ngati ikufunika. Apongoziwo muwatenge, akamve okha kwa anesi.