Ndingalembe ntchito makaniki wa ku Malawi popanda mapepala?

Kalata yasabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia muno mu Mozambique. Ali ndi galaja ya mathirakitala ndi chigayo, anthu amene amawalipira pamwezi ndi 14, ndipo apeza makaniki wa ku Dedza wodziwa mapampu a dizilo. Akufunsa kuti: "Mnyamatayu amalowa pa Calomue ndi pasipoti, chilankhulo ndi chathu chomwechi, amalume ake ali ku Domue. Kodi nayenso afunika visa ya ntchito?"

Inde bambo, afunika. Chidindo cha pamalire chimamulola kudzacheza, osati kugwira sipanala n'kulandira metikali kumapeto kwa mwezi. A Inspecção do Trabalho, oyendera malo a ntchito a boma, akafika safunsa za mfunda wa munthu. Amafuna pepala, ndipo chindapusa chimagwera inu patarau, pomwe iye amaimitsidwa ntchito.

Koma musayambe ndi visa. Yambani mwawerenga anthu anu. Lamulo la ntchito la 2023, Lei 13/2023, limapatsa wolemba ntchito aliyense gawo la alendo, limene amati quota. Wa antchito osapitirira 10 gawo lake ndi 15 peresenti, wa 11 mpaka 30 ndi 10 peresenti, wa 31 mpaka 100 ndi 8, woposa 100 ndi 5. Inu ndi anthu 14 muli ndi malo a mlendo mmodzi.

Apa ndiye pogwera ambiri. Boma siliwerenga mitu imene ili pabwalo la galaja, limawerenga mayina a pa relação nominal, ndandanda ya antchito olembetsedwa, komanso limafuna kalata yoti simunasiye ngongole ku INSS, bungwe la penshoni za antchito, ndi ku Finanças, ofesi ya msonkho. Ndinaonapo mkulu wina atanyamula envulopu yodzaza, mazithunzi ndi kontarakiti zonse zilimo, akubwezedwa pawindo chifukwa mwa anyamata ake onse olembetsedwa anali atatu okha, enawo aganyu. Anabwerera ku Angónia dzuwa la ku Tete litamuwotcha pachabe.

Mukakhala mkati mwa quota, mumangodziwitsa ofesi ya Trabalho (ya zantchito) ya chigawo n'kulipira. Mukafuna wachiwiri, nkhani imasintha: mumapempha autorização, chilolezo chapadera, ndipo muyenera kusonyeza kuti luso limenelo mwalisowa pakati pa mbadwa za dziko lino. Kwa makaniki zimenezi n'zovuta, poti migodi ya malasha ku Moatize yaphunzitsa anyamata ambiri makina akuluakulu.

Satifiketi yake ya ku Malawi imasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, ndipo ipezeredwe equivalência, pepala loti ikufanana ndi ya muno, kumbali ya zamaphunziro. Izi ndi zimene zimadya nthawi, muziyambe lero. Kontarakiti isapitirire zaka 2. Ikatha mutha kuyikonzanso. Pepala la Trabalho likatuluka, iye akapemphe visa ya ntchito ku ofesi ya kazembe wa Mozambique ku Lilongwe kapena ku Blantyre, kenako za kukhala kwake muno zikhala m'manja mwa a SENAMI, ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko.

Munalembanso kuti nyengo yolima mbatatesi yayandikira, mathirakitala atatu ali gone. Ndakumvani. Komabe musamuyambitse "kaye pang'ono" podikira mapepala. Pakadali pano chotsani mapampuwo, muwatumize kwa iye ku Dedza akawakonzere komweko.