Mpopi ukadontha usiku wonse, yambani mwaona washa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Akuti mpopi wa pa sinki ya kukhitchini ukudontha usana ndi usiku, ngakhale autseke mpaka dzanja kuwawa. Pansi pa sinkipo napo pakunyowa, kabati yayamba kufufuma, ndipo mukutuluka fungo. Pulambala amene anamuitana anangosuzumira n'kunena kuti agule mpopi ndi mapaipi onse atsopano. Akufunsa ngati pali chimene angakonze okha, komanso zida zimene angafunike.

Mayi, choyamba lekani kuufinya mpopiwo. M'kati mwa mpopi wopotokola kangapo muli kamphira kozungulira kotchedwa washa, kamene kamakhala pa kamlomo kachitsulo n'kutseka madzi. Washa ikatha, kufinya sikuthandiza. Mumangoiphwanya, kenako chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, ndipo vuto la kamphira kotsika mtengo limasanduka la mpopi wonse. Kumanga ndi mphira ya chubu, monga timachitira ambirife, nakonso n'kungobisa bala.

Tsekani madzi pa valavu ya pafupi ndi mita, kenako tsegulani mpopi kuti otsalira atuluke. Tsekaninso pakamwa pa sinki, chifukwa tizitsulo tating'ono timakonda kugwera momwemo. Chotsani sikulu ya pachogwirira, n'kumasula mutu wa mpopi ndi sipanala ya shifitingi, dzanja lina litagwira thupi la mpopiwo kuti usazungulire pamodzi ndi paipi ya pansi. Washa mudzaipeza kunsi kwa mutuwo. Itengeni yomweyo popita ku hadiweya, osadalira kufotokoza ndi pakamwa. Mipopi yambiri ya sinki ndi ya hafu inchi, imene ena amati 15mm, pomwe ya bafa imakhala yokulirapo. Musanabwezeretse, pisani chala pa kamlomo kaja. Ngati n'kosalala, washa yatsopano ithetsa nkhani. Ngati kakumbika, pamenepo pulambala wanu akhoza kukhala kuti akunena zoona, ngakhale pali chida chopalira kamlomoko chimene amisiri ena ali nacho.

Simunandiuze mtundu wa mpopi wanu. Ngati ndi wotseka pongokhotetsa pang'ono, mulibe washa, muli katiriji ya timbale tiwiri ta seramiki. Mdani wake wamkulu ndi mchenga. Inu a ku Blantyre mukudziwa mmene madzi amabwerera akakhala kuti anasiya: kutsokomola kwa mpweya m'mapaipi, kenako madzi ofiira. Muzitsegula kaye mpopi wa panja mpaka madzi ayere, ndiye mutsegule ya m'nyumba. Katiriji ikawonongeka siikonzeka, mumasintha yonse, ndipo nayonso pitani nayo kusitolo poti mano olowera chogwirira amasiyana.

Tsopano za pansi pa sinki, zomwe zikundidetsa nkhawa kwambiri chifukwa kabati ikawola ndalama zake n'zambiri. Pukutani paliponse, yalani nyuzipepala, dzazani madzi m'sinki n'kuwatsegulira nthawi imodzi. Pamene dontho loyamba ligwere ndi pamene pali vuto. Kawirikawiri limachokera pa trap, kapaipi kopindika kapena kooneka ngati botolo, ka 40mm pa sinki ya kukhitchini. Ntchito yake ndi kusunga timadzi totchinga fungo la m'ngalande kuti lisakwere m'nyumba. Ikani ndowa pansi, masulani ndi manja, ndipo mudzaona nokha: mikute ya nsima, masamba a tiyi, mafuta ophikira oundana. Tsukani, onani ngati timphira ta m'malumikiziro tili bwino, n'kumanganso ndi manja okha. Pulasitiki ikamangidwa ndi sipanala imang'aluka.

Ngati kunyowako kukuchokera pamwamba, yang'anani timapaipi tofewa tokutidwa ndi waya topita ku mpopi. Tikachita dzimbiri sinthani msanga, chifukwa timatha kuphulika usiku anthu ali m'tulo. Timeneti tili ndi washa yakeyake m'kati, sitifuna thread tape. Tepi yoyera ija ndi ya pa mazinga a paipi kapena mpopi wa panja, ndipo muziikulunga motsata kumene mukumangira kuti isavundukuke.

Zida musagule zambiri. Shifitingi imodzi yolimba, sikuludiraiva ya fulati ndi ya sitala, pulayala, thread tape ndi chopopera sinki ikatsekeka, basi. Shifitingi yotchipa kwambiri imaterereka n'kudya makona a nati, choncho pamenepa musaumire. Bobojani musiyireni pulambala. Mano ake ndi ogwirira mapaipi achitsulo, ndipo pa mpopi wonyezimira amasiya zipsera zosafufutika.

Pali malo amene sindikufuna kuti mugwirepo nokha: paipi ya m'khoma, mapaipi akale achitsulo odyeka ndi dzimbiri, giza, ndi mita yeniyeniyo, yomwe ndi ya Blantyre Water Board. Koma madzi onse odutsa pa mita, ngakhale odontha, amalowa mu bilu yanu. Mukamaliza kukonza, tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita pogona, mudzaonenso m'mawa musanatunge. Akasuntha, ndiye kuti pali pena pobisika pamene pakutuluka madzi, ndipo apo muitanedi pulambala, koma mumuuze akuonetseni pamene pabooka musanatulutse ndalama ya zipangizo.