Chimene chinalumikiza Poland ndi Japan

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anamva zoti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanabuke, Poland ndi Japan anali pa ubale wathithithi, ndiye akufunsa kuti zinatheka bwanji poti maikowa ndi otalikirana, komanso Japan anali bwenzi la Germany amene anadzaukira Poland.

Achimwene, tatsegulani mapu muone amene wagona pakati pawo. Ndi Russia. Poland ali kumadzulo kwake, Japan kum'mawa, ndipo onse awiri ankagona khutu lili kunja. Ngakhale mu 1904, Poland asanapeze ufulu, Józef Piłsudski, mtsogoleri womenyera ufulu wa Poland, anakafika ku Tokyo kukapempha thandizo pamene Japan ankamenyana ndi Russia. Mu 1919 Japan anavomereza Poland ngati dziko loima palokha.

Kwa ine phata la nkhaniyi ndi munthu mmodzi, Jan Kowalewski. Pa nkhondo ya Poland ndi a Soviet (olamulira atsopano a Russia), msilikali wa Poland ameneyu ndi anzake ankamasulira mauthenga achinsinsi a pa wailesi a adaniwo, moti pomenyera Warsaw, likulu la Poland, mu 1920 akuluakulu ake ankadziwiratu kumene mdani walowera. A ku Japan anasirira lusoli. Mu 1923 anamuitanira ku Tokyo kuti akaphunzitse asilikali awo, ndipo m'zaka zotsatira ena a iwo ankapita okha ku Warsaw kukaphunzira. Luso lotere sugawira munthu wamba. Umagawira amene ukudziwa kuti mukuopa chilombo chimodzi.

Komatu sikuti zonse zinali zaukazitape. Mu 1920 ndi 1922, Red Cross ya ku Japan inachotsa ku Siberia, m'dziko la Russia, ana a ku Poland oposa 700, ambiri mwa iwo amasiye. Anawo anafikira padoko la Tsuruga ku Japan, kumene anawadyetsa, odwala n'kuwapatsa mankhwala, kenako n'kuwatumiza kwawo. Nkhani imeneyi imandigwira mtima nthawi zonse.

Nanga za Germany? Mu Ogasiti 1939 Hitler wa Germany atagwirizana ndi Stalin, mtsogoleri wa a Soviet, a ku Japan anaona kuti mnzawo wawayenda pansi. Poland atagwa, kazembe wake Tadeusz Romer anakhalabe pantchito ku Tokyo mpaka Okutobala 1941. Mu Disembala chaka chomwecho boma la Poland lomwe linathawira ku London linalengeza nkhondo ndi Japan, koma ku Stockholm, m'dziko la Sweden, kazitape wa Poland Michał Rybikowski anapitirizabe kupatsana nkhani ndi msilikali wa Japan Makoto Onodera.