Nyimbo ya m'gemu ikamapuma isanayambirenso

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akupanga gemu, nyimbo yake ndi ya masekondi 32, koma ikamabwerera poyambira pamamveka kampata ka zii, nthawi zina kuthetheka. Fayilo yake ndi MP3, ndipo akuti anaidula kale mosamala mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu.

Funsoli limandiwawa, osati chifukwa cha inu amene mwafunsa, koma chifukwa cha malangizo omwe ali mbwee akuti muzingotsitsa mawu kumapeto n'kuwakwezanso poyambira. Kumeneko n'kuphimba chilonda ndi nsalu. Munthu akakhala pa levulo imodzi mphindi 20, amva nyimboyo ikumira n'kuvuuka maulendo oposa 35. Adzangoizimitsa.

Wolakwa woyamba ndi MP3 yomweyo. Imasunga mawu m'timagawo ta ma sample (tizidutswa ting'onoting'ono ta mawu) 1,152, ndipo encoder, pulogalamu yosandutsa mawu kukhala MP3, imaika kachidutswa kopanda mawu kumayambiriro, n'kudzazanso kagawo komaliza kuti kakwane. Ndi encoder yotchedwa LAME, kuchedwa kwa kumayambiriro kumafika ma sample 1,105, pafupifupi 25 ms (mamilisekondi) pa 44,100 Hz, kutanthauza ma sample 44,100 pa sekondi. Khutu limamva zimenezo. Mungadule bwanji, mukasunganso ngati MP3 kampata kaja kabwerera. Tengani WAV, kapena OGG Vorbis ngati mukufuna fayilo yopepuka, ndipo muitulutse kuchokera ku pulojekiti yanu yoyambirira. Kusandutsa MP3 yakaleyo kukhala OGG n'kungosamutsa vuto.

Chachiwiri, musadule ndi khutu. Werengani. Pa 120 BPM (kugunda 120 pa mphindi), bar imodzi ya 4/4, yomwe ndi kugunda kanayi, ndi masekondi 2, omwe ndi ma sample 88,200. Ma bar 16, omwe ndi masekondi 32, ndi ma sample 1,411,200 ndendende, osaposa kapena kuchepera. Pa 130 BPM nambala yake sikwanira bwino, bar imodzi imatuluka 81,415 ndi kachidutswa, ndiye werengani utali wa nyimbo yonse kaye, kenako mutenge nambala yathunthu yoyandikira kamodzi kokha.

Pali china chimene ambiri sachiona: mchira wa reverb, mawu otsalira aja omwe amazilala pang'onopang'ono. Noti yomaliza ikalira, mawu ake amapitirirabe masekondi angapo. Mukadula pamapeto pa bar 16, mchirawo umafa mwadzidzidzi ndipo nyimbo imayambiranso youma gwa, ngakhale palibe kampata. Tulutsani nyimboyo ndi mchira wake wonse, dulani mchirawo, muusakanize pamwamba pa chiyambi. Njira yachidule n'kuiimbitsa kawiri motsatizana mu pulogalamu yanu n'kutenga ulendo wachiwiri wokha, poti umenewo uli kale ndi mchira wa woyamba.

Kuthetheka kuja kumabwera pamene funde la mawu lathera pamwamba koma chiyambi chili pansi, sipika n'kudumpha. Mu Audacity, sankhani gawolo n'kudina Z kuti malire asunthire pamene funde likudutsa pa ziro. Pa stereo, mbali ziwirizo sizidutsa pa ziro nthawi imodzi, ndiye crossfade (kusakaniza mapeto akuzilala ndi chiyambi chikukwera) ya 5 mpaka 10 ms imathandiza. Dziwani kuti Z amasuntha malire, choncho onaninso utali uja.

Ndiwonjezere izi ngakhale simunafunse. Nyimbo yothera pa chord (manoti olira pamodzi) yomveka ngati yotsanzika imadziulula yokha, ngakhale mutalumikiza bwino chotani. Bar yomaliza izikoka khutu kupita ku yoyamba. Apa vuto ndi la wopeka, engine (pulogalamu yoyendetsa gemu) ilibe mlandu.

Mbali ya engine

Musalembe code yodikira kuti nyimbo ithe kenako iyambitsidwenso. Pa 60 fps (zithunzi 60 pa sekondi) mukhoza kuchedwa mpaka pafupifupi 17 ms. Mu Unity yatsani loop (kubwereza nyimbo) pa AudioSource, kapena PlayScheduled ndi dspTime ngati pali intro yolira kamodzi kokha. Mu Godot loop imayatsidwa pa Import. RPG Maker imawerenga LOOPSTART ndi LOOPLENGTH mu OGG, m'ma sample, ndiye mukasintha fayilo kupita ku 48,000 Hz, manambalawo muwerengenso.