Mmisiri akawerengera maola amene simunawaone

Amayi, mwafunsa chochita poti mmisiri womanga wawerengera maola 18 amene inu simunamuone akugwira ntchito. Musamulipire ndalama zonsezo lero, komanso musamuthamangitse. Mulipireni kaye maola amene inu mukuwavomereza, ndipo mutumize pa Airtel Money kapena MTN kuti uthengawo ukhale umboni. Kenako mukhale naye pansi pamaso pa munthu wamkulu amene nonse mumamulemekeza, muwerengere limodzi tsiku ndi tsiku maola 18 mukukanganiranawo.

Ine zinandichitikira pomanga khitchini kwathu ku Kapata, mu Chipata. Mmisiri wanga anali waluso ndithu, pulasitala yake yosalala bwino, koma anawerengera nthawi imene anakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira simenti, ndi masana onse amene kunagwa mvula. Poyamba ndinapsa mtima. Titakambirana ndinaona kuti za simentizo wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinachedwa kukagula, choncho ndinamulipira. Za mvula tinagawana pakati. Koma maola amene anachoka kukamaliza ntchito ya munthu wina ku komboni ya Mchini, amenewo ndinakanitsitsa, iye n'kungoseka.

Kuyambira pamenepo ndimapangana mtengo wa ntchito yonse, osati wa pa ola: mawindo mwakuti, pulasitala mwakuti. Ngati mukufunabe za maola, ikani kabuku pakhomo, azisayina pofika ndi poweruka.

Akayamba kuopseza kuti agumula khoma kapena azula zitseko, musalimbane naye. Pitani ku ofesi ya Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza anthu pa zamalamulo, mu Chipata momwemo mukafunse loya, mutatenga mauthenga onse a pafoni.